Za Kusowa kwa Mkazi wa Raafat ndi Kutsika kwa Mtengo wa Sitima

Ine, Sawsan Abdel-Mageed Dakrouri, wa zaka 46, wochokera m'mudzi wa Bayadiya koma wokhala ku Awamiya mumzinda uno wa Luxor, wodziwa zamankhwala ndiponso mwini famase ya pafupi ndi msika wa zipatso, ndikunena izi:

Ndaitanidwa kupolisi kuno lero Lachiwiri pa dandaulo la mlamu wanga, Raafat Shehata, loti ndamubera mkazi. Mkaziyo ndi mng'ono wanga Ibtisam, wa zaka 39, wolemera makilo osachepera 80. Ndapempha kuti kulemerako kulembedwe, chifukwa ine ndimadwala msana ndipo ngakhale katoni ya mankhwala a chifuwa sindinyamula.

Kuyambira mu Okutobala, mayi athu, Hajja Nawal, anayamba kutchulatchula sitima zapamtsinje zopita ku Aswan, zija munthu amagonamo masiku anayi. Ankati akalamba akungoziona zikudutsa ndi azungu ofiira ngati tomato, iwo osapondamo phazi. Onse kwathu ankadziwa kuti mu Disembala ndi ine wolandira chipereganyu chathu cha eni mafamase.

Lachisanu loyamba la Disembala tinadya nkhunda ndi denje kunyumba kwa amayi. Panali amayi, ine, Ibtisam ndi Raafat. Titatha kudya ndinanena kuti ndiwatengera amayi ku Aswan pa tchuthi cha kumapeto kwa Januwale. Raafat ali ndi ofesi ya zamaulendo kuseri kwa siteshoni ya sitima yapamtunda, ndipo Ibtisam ndiye amakhala pa kompyuta mmenemo, osalandira malipiro. Raafat anati chipinda cha mabedi awiri pansanjika yachitatu ndi mapaundi 18,000, ndipo ndilipire mawa chifukwa malo akutha. Ndinamuuza kuti ndinabadwira m'mphepete mwa mtsinje womwewu, ndipo ngakhale abulu okoka ngolo amadziwa kuti zipinda zikatsala, mtengo umagwa tsiku lonyamuka likayandikira. Ndinati ndidikira. Iye anaseka, nati maphunziro a ku yunivesite amangothandiza kuwerenga mapilitsi.

Apa Ibtisam, amene ankachotsa mbale, anaima n'kufunsa kuti, "Mungalumbire, bambo a Karim?" Karim ndi mwana wawo yekhayo, ali ku sukulu ku Cairo. Mawuwa ndikuwakumbukira bwino chifukwa mng'ono wanga salowerera nkhani za pagome.

Raafat anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira pansalu ya amayi, nati, "Mtengo umenewu ukatsika ngakhale ndi paundi imodzi sitima isananyamuke, Ibtisam ndamusudzula." Amayi anati Mulungu atikhululukire. Ibtisam anapitiriza kuchotsa mbale.

Bwana wolemba wandifunsa kuti munthu wophunzira ndinakhulupirira bwanji lumbiro la wogulitsa maulendo. Ndikuyankha. Raafat anali atamusudzula kale Ibtisam kawiri m'njira yomweyi. Koyamba analumbira kuti timu yake igoletsa penate, mpira n'kupita kukasaka mbalame. Kachiwiri analumbira kuti firiji yomwe anagula ndi ya ku Japan. Maulendo onse awiri Shehe anamufunsa ngati ankafunadi kusudzula kapena ankangokometsa pakamwa, ndipo maulendo onse awiri iye anayankha kuti mwamuna sabweza mawu. Talaka, ndiye kuti chisudzulo, inagwa, ndipo iye anamutenganso mkazi sabata isanathe. Yachitatu, monga mukudziwira bwana, ilibe pobwerera. Ndinawerengera kuti munthu wotsala ndi chipolopolo chimodzi sawombera m'mwamba. Mawa lake ndinapita ku ofesi n'kulipira zonse. Risiti ndaipereka.

Lachitatu lapitali, cha m'ma 11 koloko m'mawa, m'famase munalowa Mayi Fawqiya, mnzake wa Ibtisam wa kusukulu. Amakhala tsidya lina la mtsinje. Kuti afike kwa ine ayenera kukwera boti ndi kudutsa mafamase ena asanu. Anapempha mankhwala a mutu. Ndikuwakulunga, anandiuza osafunsidwa kuti nawonso akwera sitima yomweyo, nsanjika yomweyo, ndipo alipira 12,000 ku ofesi ya Raafat. Nambalayo anaibwereza kawiri, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana adiresi ya kwawo. Kenako anatuluka. Mankhwalawo anawasiya pa kauntala, ndipo mpaka lero alipo.

Lachinayi m'mawa ndinatseka famase ndi kupita ku ofesi ya Raafat, mtunda wa mphindi khumi wapansi. Ndinamupeza akudya nyemba ndi buledi pa desiki. Ibtisam anali pa kompyuta kumbuyo kwake. Ndinaika risiti pambali pa mbale ya nyemba n'kupempha mapaundi anga 6,000.

Poyamba anati mtengo sunatsike, chomwe Mayi Fawqiya alandira ndi mphatso ya nyengo yozizira. Ndinafunsa chifukwa chomwe ine sindikuzizidwa. Ndiye anati chipinda chawo chili pafupi ndi injini. Ndinamukumbutsa kuti injini ya sitima sikhala pansanjika yachitatu, pokhapokha ngati nayonso inagula tikiti. Ndiye anandisonyeza timalemba ta kuseri kwa risiti toti ndalama zikalowa sizituluka. Ndinati timalembato ndatiwerenga, ndipo palibe pomwe takamba za mng'ono wanga. Pamenepo anafewetsa mawu, n'kumanditchula kuti Adokotala. Anati andikonzera madzi a mango pokwera sitima ndi ngolo ya hatchi yopita kukachisi ku Edfu, zonse zaulere. Ndinati, alamu, zimenezo amapatsidwa aliyense, ngakhale wokwera mobisala.

Anayamba kukweza dzanja kuti alumbire. Analiyang'ana dzanjalo, n'kulibweza pa buledi.

Apa Ibtisam, osachotsa maso pa kompyuta, anati, "Unatsika Lachiwiri m'mawa. Ndinalemba ndine patsamba la ofesi, munandituma nokha." Raafat anamuuza kuti apite akaphike tiyi. Ibtisam anakokera mpango wake kutsogolo mpaka unaphimba tsitsi lonse, nati, "Sindikudziwa ngati n'zololedwa kuphikira tiyi mwamuna wachilendo."

Bwana wolemba wandiuza kuti ndisamaseke popereka umboni. Sindikuseka, ndi chifuwa.

Amayi atamva, analamula kuti nkhaniyi ipite kwa Shehe Abdel-Sattar wa pa mzikiti wathu, yemwe anaweruza za penate ndi za firiji. Tinakumana Loweruka itatha swala, pemphero la masana, m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti. Tinali anthu omwe aja anayi ndi Shehe. Shehe anafunsa ngati mtengo watsika. Raafat anayamba za mphatso ya nyengo yozizira. Shehe anamudula, nati mwana wawo wamkazi, wa Shehewo, anaona mtengo watsopanowo pa foni, ndipo wakhala akuwavutitsa sabata yonse kuti amulipirire.

Kenako Shehe anafotokoza motere. Ngati Raafat analumbira pongofuna kuti ine ndilipire, mumtima mulibe zosudzula, ndiye kuti talaka sinagwe. Adyetse osauka khumi chifukwa cha lumbiro labodza, abweze zomwe analandira ndi lumbirolo, atenge mkazi wake azipita. Koma ngati ankatanthauzadi zomwe ananena, monga anachitira kawiri konse, ndiye kuti iyi ndi yachitatu, ndipo ndalama ndi zake.

Ine ndinangowonjezera mfundo ziwiri, mwaulemu. Yoyamba, kuti kulandira ndalama za munthu pomuuza chinthu chomwe sukukhulupirira kuli ndi dzina lake m'malamulo a dziko. Yachiwiri, kuti gulu la aphunzitsi a sekondale linagulanso zipinda kwa iye pa mtengo wakale, ndipo mtsogoleri wawo amagula mankhwala a shuga kwa ine mwezi uliwonse, ndipo timacheza.

Shehe anafunsa kuti, "Nanga mumtima mwanu munali chiyani, Raafat?"

Raafat anayang'ana kudenga. Milomo yake inkagwedezeka koma mawu osatuluka. Milomo yotereyi ndimaiona tsiku lililonse pa kauntala, ndi ya munthu amene akuchulukitsa manambala m'mutu. Ibtisam anali atakhala pambali pake, mtunda wosakwana mkono. Patapita kanthawi Raafat anati, "Ndingayankhe Lachinayi?"

Shehe anachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Ibtisam anaimirira, anavala nsapato pakhomo, n'kupita ndi amayi kunyumba kwa amayiwo. Ananyamula kachikwama ka m'manja kokha. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi ilembedwe bwino: kachikwama ka m'manja kokha. Ku nyumba ya Raafat sanapitenso, ndipo Raafat mwiniyo wanena zomwezo m'dandaulo lake.

Lamulungu Raafat anatumiza thireyi ya makeke a uchi. Sanatumize kwa mkazi wake. Anatumiza ku famase, ndi uthenga wofunsa ngati ndingalandire theka, aphunzitsi osamva. Makekewo sindinadye. Ali pa kauntala pambali pa mankhwala a mutu aja, ngati apolisi angawafune.

Dzulo Lolemba, cha m'ma 11 koloko, ndinafika ndi takisi kunyumba kwa amayi. Chikwama cha amayi ndinachilongedza ndekha, changanso ndekha. Woyendetsa takisi atatsitsa ziwirizo, amayi anamutumanso m'mwamba. Anabwera akupuma movutikira ndi sutikesi yachitatu, yaikulu, yabuluu, yomwe inali pamwamba pa kabati ya amayi. Pamwamba pake panali fumbi. Ibtisam anati akungotiperekeza. M'manja anali ndi chipewa chachikulu chamlaza chokhala ndi riboni yachikasu.

Chipewa chimenecho ndinachionapo kale. Chinali m'kabati ya amayi, m'pepala la pulasitiki, tsiku lomwe ndinkafuna bulangeti kutangoyamba kuzizira. Munali mu Novembala. Nkhunda zija zinali zisanaphedwe, lumbiro lisanalumbiridwe, ine ndisanalipire. Amayi savala chipewa. Sindikunena kanthu, ndikungotchula mwezi.

Tinafika padoko cha m'ma 12 koloko. Tili pathabwa lokwerera, amayi anandigwira mkono, nati, "Sawsan mwana wanga, iwe uli ndi famase, ulinso ndi ndalama zako zoti ulondole. Mng'ono wako alibe pogona." Ndinawakumbutsa kuti nyumba yawo ili ndi zipinda zitatu. Anati mulibe mphepo. Ndinayang'ana Ibtisam. Iye ankayang'ana madzi. Tikiti ndinamupatsa ndi dzanja langa. Palibe amene anakokedwa, kukankhidwa kapena kunyamulidwa.

Ndinkayembekezera kuti wolandira alendo pakhomo la sitima avuta, popeza dzina linali langa. Ndinali nditakonza kale mawu omunyengerera. Bamboyo sanayang'ane n'komwe tikiti. Anati, "Takulandirani Mayi Ibtisam, bedi la kuwindo lija takusungirani." Pamwamba pa sitima panali Mayi Fawqiya, atagwira kapu ya madzi a mango, akutibayibitsa. Mutu unkaoneka kuti unapola.

Ndinamukokera Ibtisam pambali n'kumufunsa ngati ankadziwa kuti mtengo udzatsika. Anati, "Achemwali, chaka chilichonse umatsika. Munanena nokha." Ndinamufunsa chomwe ndikamuuze mwamuna wake akabwera kudzafunsa, popeza Lachinayi silinakwane. Anavala chipewa chija, anamanga riboni pansi pa chibwano, nati, "Munthu wopempha masiku asanu wayankha kale."

Sitima inanyamuka cha m'ma 1 koloko. Ndinabwerera ku Awamiya ndi chikwama changa, pa takisi yomwe ndinalipiranso ine.

Pa funso loti Ibtisam ali kuti: ali pamtsinje, m'chipinda cha pansanjika yachitatu, pabedi la kuwindo lomwe ndinagula pa mtengo wakale. Waimba foni m'mawa uno atadutsa Esna. Akuti amayi adya nsomba kawiri ndipo akufunsa ngati ndinakumbukira kuthirira maluwa awo. Mawa adzakhala ku Edfu, pa ngolo ya hatchi yaulere. Amene akufuna kumupulumutsa akamudikire padoko la Aswan Lachinayi, koma atenge chipewa chake, chifukwa kumeneko dzuwa ndi loopsa.

Pa funso loti ndikukayikira ndani: ndauzidwa kuti mboni inene zomwe inaona, osati zomwe ikuganiza. Ndinaona chipewa mu Novembala, sutikesi yafumbi, ndi mayi wodwala mutu amene anawoloka mtsinje kudzasiya mankhwala pa kauntala yanga. Ngati pali munthu amene anabedwa m'nkhaniyi, ndi amene wakhala pampando uno.

Pomaliza ndikupempha chinthu chimodzi. Raafat ali pabenchi panja pa chitseko ichi, ndamuona polowa. Asadikire Lachinayi. Muitaneni, bwana, mumufunse funso la Shehe lija. Akati ankatanthauzadi, ndiye kuti alibe mkazi woti abedwe, ndipo dandaulo lake ling'ambidwe. Akati sankatanthauza, musatseke cholembera, tengani pepala lina, dandaulo langa liyambire pomwepo. Mtsogoleri wa aphunzitsi uja akubwera kudzatenga mankhwala ake a shuga madzulo ano.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo andiwerengera ndavomereza kuti ndi mawu anga, kupatula pomwe wolemba wafewetsa.

Wosaina: Sawsan Abdel-Mageed Dakrouri ______________________