Makope Khumi ndi Anayi a Mayi Dinnah Kunda

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1976 ku Mpherere m'boma la Ntchisi, tsiku lomwe mvula inagwa kuyambira m'mawa mpaka kukokolola mlatho wopita kuchipatala. Anabadwira m'nyumba, achitatu mwa ana asanu.

Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale ku Lilongwe, ndipo mu 1999 anatenga digiri ya sayansi ya zamoyo ku Zomba. Ntchito yawo yoyamba inali yowerenga mbalame kunyanja ya Chilwa.

Pa 17 Ogasiti 2002 anamanga ukwati woyera ndi a Jailos Kunda. Malemu ankakonda kuseka kuti anakwatiwa ndi munthu wa mawu awiri, inde ndi ayi, ndipo inde ankamveka pa Khirisimasi pokha.

Mu 2009 banja linabwera kuno ku Perth kuti malemu apitirize maphunziro. Anayamba ndi mbalame zotchedwa mapengwini za ku Rockingham. Kuyambira 2012 ankakwera sitima ya pamadzi kupita kuzilumba zozizira za kum'mwera kwenikweni, kukawerenga zisa za mbalame zam'nyanja ndi ana a akatumbu. Ankalemba ndi pensulo, poti inki imauma ndi chisanu, ndipo ankalemba m'Chichewa. Ankati zala zikachita dzanzi, Chingerezi chimathawa m'mutu. Ziwerengero ankazitumiza kwa anzawo a kuntchito. Koma malo enieni a zisa, ndi komwe mbalame zinkabwerera zopanda chakudya cha anapiye, zinatsala m'makope khumi ndi anayi omwe anzawowo sangawerenge.

Mu Malichi 2025 anawapeza ndi khansa ya chiwindi, ndipo mu Juni anagonekedwa kuchipatala ku Nedlands. Katatu konse anapempha amuna awo kuti abweretse makopewo, iwo aziwerenga, a Kunda azilemba m'Chingerezi. Kumapeto kwa mwezi uno kuli msonkhano woona ngati sitima za asodzi ziletsedwe kuyandikira zilumbazo, ndipo anzawo akuti popanda zam'makopemo mlandu wa mbalame ulibe mboni. Katatu konse a Kunda anati ayi. Ankati mukachira mudzalemba nokha. Kwa iwo, kunyamula makopewo kunali kuvomera kuti mkazi wawo sabwereranso kunyumba.

Kachitatuko malemu anangoti, "Abambo a Joan, mukundikonda mondilakwira."

Anamwalira pa 6 Julayi, m'ma 2 koloko masana. Makope anali adakali m'sutikesi pamwamba pa wodilopu kunyumba kwawo ku Armadale.

Achimwene awo a malemu, a Goodwill, atafika kuchokera kumudzi, analamula monga mwinimbumba kuti katundu wa malemu asakhudzidwe. Anati sutikesi ipite pamodzi ndi thupi Lachinayi, ikatsegulidwe patatha mwezi pamaso pa abale onse. Sanalakwe, ndiwo mwambo wathu. A Kunda anawapempha makopewo kawiri, kachiwiri atagwada. Anakanizidwa.

Lolemba m'mawa a Kunda anatsegula sutikesiyo okha. Akupepesa kwa alamu awo ndi kwa akumudzi onse, ndipo chilango chilichonse achilandira. Koma makopewo sakwera ndege. Iwonso sakwera. Thupi liperekezedwa ndi a Goodwill ndi Joan. A Kunda akudziwa zomwe zidzanenedwe za mwamuna amene sanaponye dothi m'manda a mkazi wake.

Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi kuti msonkhano uja uchitike, ndipo amaliza makope awiri okha. Iwo ndi makaniko wa ku Kwinana, mayina a mbalame sawadziwa. Ana amamva Chichewa koma zolemba za mayi awo zikuwakanika. Aliyense wodziwa kuwerenga Chichewa cholembedwa mothamanga, makamaka inu ophunzira a kuyunivesite, chonde muonane nawo pakhomo potuluka. Alibe chokulipirani.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Joan ndi Ezra, mayi awo owabereka kumudzi, ndi abale anayi.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamala, amayi a Mvano amene akhala pasiwa sabata yonse, abusa ndi mpingo, komanso anzawo a kuntchito amene abwera kuchokera kutali. Mulungu abwezere pomwe mwachotsa.

Mayi Dinnah, mwavutika mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Mwambo ukatha, a Kunda sakhala nawo pachakudya. Akwera sitima kubwerera ku Armadale kukayamba kope lachitatu.