Kangaude wa Nyanga Kuseri kwa Batate

— Halo? Ba Lemmy? Ni Eneless, mlongo wanu.

— Aa, Eneless. Mwauka bwanji ku Kanyama?

— Tauka, kaya inu ku Matero? Bamulamu na bana?

— Bonse bali bwino. Madzi yaphwa mu yadi?

— Yakali m'mapazi. Malaiti yanapita dzulo, foni izima manje manje, ndiye mvetserani. Muja munkagwira nchito kwa ofufuza tudoyo...

— Akangaude. Zaka zisanu na chimodzi.

— Nili naye mmodzi mu ndowa. Wamkulu ngati chikhatho, waubweya, ali na nyanga pamsana.

— Nyanga... Yaima chilili kapena yagonera kumbuyo?

— Yagonera kumbuyo.

— Pendeketsa ndowa, uone kunsi kwa mimba. Pali mzere wotuwa?

— Imani... ulipo, monga lamba.

— Ni wa mtundu wa anyanga uyo. Abale bake opanda nyanga ni ofiirira, bali na nyenyezi pamsana, baukali. Uyo ni wofatsako. Tinkabapeza ku Luangwa m'mawa, mame yakalipo. Una wake woyalidwa ulusi woyera, monga nsalu ya ubatizo. Ukalowetsa kaudzu umamva akukoka pang'ono pang'ono, ngati munthu akukupatsa moni pansi pa nthaka. Wamkazi amakhala mu una umodzi zaka khumi, osasamuka...

— Ife tisamuka mawa.

— Bwanji?

— Madzi yanamutulutsa kuseri kwa chipinda cha batate. Balandilodi pamene banaona nyanga bati Mulungu sanalengepo chinthu chotero. Nabo a mu yadi bati bamaona batate bakuponya mphemvu pa una. Mawa kubwera mneneri kuzamuotcha, ndipo batate bachoke na katundu wawo.

— Kuseri... pansi pa dilamu yakale ija?

— Mwadziwa bwanji?

— Tsiku lija nchito inatha, banatiuza kutaya mabotolo yonse ya akangaude. Mmodzi ninamuika m'thumba. Batate bananipeza nikumumasula pa dilamu, bati, "Pita, nizamuona."

— Zaka zinayi bakudyetsa kangaude wanu, inu osaponda kuno.

— Nikanabwera na chiyani m'manja?

— Buku lija la vithunzi va akangaude mukali nalo?

— Nili nalo.

— Bwerani nalo m'manja. Mneneri afika naini koloko. Muzatsegula pa nyanga yogonera kumbuyo, munene pamaso pa onse kuti munamubweretsa ni inu.

— Eneless, ndowa uphimbe na nsalu, osati mbale. Apume.

— Batate baphimba kale na jekete yawo ya ku tchalitchi. Bakhala pambali pake kuyambira mbandakucha. Mubwera?

— Minibasi yoyamba. Ubauze batate kuti...

— Muzabauza mwekha, foni yayamba kuli...

— Halo? Eneless?