Dzina la Ulesi Limene Kapitawo Anandipachika

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Mai Chileshe a ku Nangongwe. Ndikufuna ndikuuzeni m'mene ntchito inandithera chifukwa cha mutu wouma wa munthu mmodzi, ndi m'mene Mulungu anandidzutsira.

Inali nthawi ija boma linkagulitsa makampani. Kampani yogaya ufa kumene ndinkasoka matumba inagulidwa, ndipo eni atsopano anatiikira kapitawo, Ba Mweemba, munthu wa tayi yonyezimira amene ankadziyesa wodziwa mitima ya anthu. Sabata yake yoyamba ndinafika mochedwa, popeza mwana wanga anakomoka ndi malungo. Sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana nati, "Aba ni baulesi, naona kale."

Kuyambira pamenepo maganizo ake anatsekeka. Ndikasoka matumba ambiri, ankati makina ndiwo achita. Thumba likang'ambika kumbali ya wina, ankaitana ine. Maso ake ankangotola zogwirizana ndi bodza limene anadziuza yekha, zina zonse sankaziona.

Koma amene anandinyansa kwambiri ndi anzanga. Mantha a kuchotsedwa ntchito anawadya nzeru, nayamba kuganiza ndi mutu wa kapitawo. Iye akaseka, onse mano pamtunda, ngakhale nthabwalayo sanaimve. Tsiku lina lamba wa makina anayamba kununkha moto. Aliyense anamva fungolo, aliyense anasuzumira mnzake nadziuza kuti wina anena. Amuna athunthu a ndevu zawo, zii! Ine ndinapita kukazimitsa makinawo. Ba Mweemba anathamanga akukuwa, "Mwaona? Afuna kupumula!" Anandichotsa tsiku lomwelo, ndipo palibe anatsegula pakamwa.

Mwamuna wanga anali atamwalira kale. Ana anabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa fizi, ine ndikugulitsa tomato pamsika, wambiri n'kumaolera pathebulo. Choipitsitsa, ndinayamba kudzifunsa ngati mwina ndinedi waulesi. Ndinagwada kutchalitchi ndikulira, ndinati, "Ambuye, ndichotseni dzina ili, si Inu munandipatsa."

Yankho linabwera kudzera mwa Ba Mutinta, mayi wamasiye wa ku Shimabala amene anali atangogula chigayo. Anandipeza pamsika ndikusoka thumba la wamakala limene linaphulika. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana manja anga.

"Namvela zambili za imwe," anatero. "Koma ine sinilemba munthu nchito na makutu. Bwelani mailo, nione neka."

M'mawa mwake ndinapita. Anandiyesa, anandifunsa, anamvetsera. Lero ndine ndimayang'anira chigayocho, ndipo ana anga onse anamaliza sukulu.

Oseka aja kuseka sikunawapulumutse, nawonso anachotsedwa, kapitawo wawo pamodzi. Mmodzi wa iwo, Ba Lungu, anabwera kudzagayitsa chimanga, nandinong'oneza kuti, "Tinaziba kuti munalibe mulandu." Ndinamugayira bwinobwino, kenako ndinamufunsa, "Munaziba, nanga pakamwa munasiya kuti?" Anasenza thumba lake napita.

Ndikuthokoza Yehova amene saweruza munthu pomuona kamodzi. Inu amene mukugwira ntchito pansi pa munthu amene anakumalizani kale m'mutu mwake, limbani mtima, pempherani, ndipo musabwereke maganizo ake kuti mudziyezere nawo. Mukamva fungo la moto, zimitsani makina. Ameni.