Buku langa anakulungira mchere

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima wanga ungatsike.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali mphunzitsi ku Kaseye, kumpoto, kutali ndi kwathu ku Mulanje. Ndinkakonzekera mayeso olowera ku yunivesite, koma mabuku kunalibe. Mnzanga wina wamalonda anandigulira buku la fizikisi ku Tanzania, lochindikala, la ophunzira a chaka choyamba.

Tsiku lina ndikupalasa njinga kupita ku boma, achinyamata a chipani anandiimitsa kuti aone khadi. Khadi ndinali nalo. Mmodzi anapisa m'chikwama changa n'kuona pachikuto kuti bukulo linasindikizidwa kudziko la chikomyunizimu.

"Aphunzitsi, mukufuna kugwetsa boma eti?"

"Ayi bwana, muli masamu ndi nyenyezi basi. Tsegulani muone."

Sanatsegule. Anati ndi poizoni wa ana, akukaliwotcha. Ine ndinawomba m'manja n'kunena kuti yewo, kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga!

Mayeso aja ndinalephera, ndipo ndapuma ntchito yunivesite ndisanaione. Koma chimene chimandiwiritsa magazi mpaka lero ndi ichi. Mwezi usanathe chindilandireni bukulo, ndinagula mchere pamsika. Mayi wogulitsa anandikulungira m'pepala lojambulidwa mmene mwezi umazungulira dziko, m'mbali mwake muli zolemba zanga za pensulo.

"Mama, mapepala awa mwawatenga kuti?"

"Timagula kwa anyamata a chipani, dada."

Ngati mukumvera, bwana wanga uja, dziwani kuti poizoni wanu tinathira m'ndiwo, ndipo sanafe munthu. Linafa ndi tsogolo langa.