Dzina la amalume pa masatifiketi anga

Moni abale anga mwa Ambuye. Ndikulemba umboniwu ndili kunja, kumene ndikuchita digiri yachiwiri, kufufuza mmene ubongo umagwirira ntchito pogwiritsa ntchito masamu ndi makompyuta. Mwayi umenewu unatsala pang'ono kundipulumuka chifukwa cha dzina.

Kwathu ndi ku Chiringa. Mng'ono wanga amadwala matenda akugwa, ndipo kuyambira ndili mwana ndinkafunitsitsa kudziwa chimene chimachitika m'mutu mwake akamagwa. Nditamaliza digiri ya masamu ndinafunsira malo kwambiri, mayankho n'kumabwera okana okhaokha, mpaka yunivesite ina inanditenga ndi kulonjeza kundilipirira zonse. Ndinavina pabwalo mpaka nkhuku kubalalika.

Chimwemwecho sichinathe sabata. Anandilembera kuti masatifiketi akuti Esita Namakhwa pomwe pasipoti ikuti Esita Muhiwa, choncho nditumize kalata yolumbira pasanathe masabata awiri, apo ayi malowo apatsa wina. Paja kwathu mwini mwana ndi malume. Bambo atatithawa ndili wamng'ono, amalume ndiwo anakandilembetsa sukulu pa dzina lawo. Podula chiphaso cha unzika anandifunsa dzina la bambo, ine n'kungotchula osaganiza, pasipoti n'kutsatira zomwezo.

Wolumbiritsa anati ndibwere ndi amalume kapena bambo adzachitire umboni. Amalume anali atamwalira kale. Bambo ankasodza ku Chilwa komwe anali ndi banja lina, ndipo ine ndinali nditanenetsa kuti sindidzawalankhulanso. Ndine wouma mutu, sindibisa.

Kukhala pansi kunandikanika. Ndinkayamba kupalira chimanga, n'kusiya khasu pakati pa mzere, kuthamangira pachulu pomwe foni imagwira kukaona ngati azunguwo asintha maganizo. Kuboma ndinapita katatu, yankho lomwelo. Ndinkapemphera ndi mkwiyo, kumuuza Mulungu kuti atsegule njira ina iliyonse, koma osati ya ku Chilwa.

Amayi ankangondiyang'ana. Osadziwa ine, anali atatumiza kale uthenga ku Chilwa kudzera mwa wogulitsa matemba.

Tsiku lakhumi ndikuchokera pachulu paja, ndinapeza njinga yafumbi itatsamira mtengo wa mango. Pakhonde panakhala bambo, atakalamba, chipewa chili m'manja. Ndinaima chilili. Anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala la shuga, m'kati mwake muli khadi langa la kusikelo, lofiira ndi utsi. Anali atalisunga zaka zonsezo.

"Mayi, sindinakulereni, chimenecho ndi chamanyazi changa," anatero kwa ine. "Koma kukanena kuti ndinu mwana wanga, chimenecho ndingathe."

Ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati chinali chisoni kapena mkwiyo. Kutacha tinapita kuboma, iwo akupalasa, ine nditakwera kumbuyo. Anadinda chala chawo, kalata inapita kutatsala masiku atatu, ndipo malo anga anasungidwa. Sanapemphe kanthu. Powaperekeza pamsewu ndinawaitana kuti bambo, mawu amene pakamwa panga panali pataiwala. Zoona chibale ndi fupa, sichiola.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere zimene ndinkamulamula. Inu amene mukudikira yankho mtima uli m'mwamba, musatope kupemphera. Kungoti musamusankhire khomo lolowera, chifukwa kwa ine analowera lomwe ndinakhoma ndekha.