Bowo la pulawo ya apongozi

Kale, malire a ku Rhodesia atatsekedwa ndipo zipangizo zitasowa m'sitolo muno mu Livingstone, ine ndinali mmisiri wa zitsulo, nditangokwatira agogo anu a ku Linda. Inu lero chikathyoka mumangogula china, koma ife tinkasula tokha.

Tsiku lina mvula ili pafupi, apongozi anga, bambo wawo wa agogo anuwa, anatsika sitima kuchokera ku Mulobezi, khasu la pulawo yawo litatheratu. Ndinadula chitsulo cha sipuling'i ya lole, ndinachiwotcha n'kuchisiya m'phulusa kuti chifewe, koma ntchito inali pa bowo. Mvetsani, ana inu: bawuti ya pulawo ili ndi khosi la ngodya zinayi, ndipo bowo lake liyenera kuligwira khosilo ndendende, apo ayi bawuti imangozungulira, nati osamanga. Mpeni wa makina wobooletsa bowo lotere unkachokera kummwera, ndiye kunalibe. Ena ankafiiritsa chitsulo pamoto n'kukhomerapo chiboolero cha ngodya, koma ine, wokonda zosalala, ndinaboola lozungulira ndi dirilo ndipo ngodya ndinazitulutsa ndi tupa, pang'onopang'ono.

Tsono bawuti yakale inali m'thumba la jekete la apongozi, ndipo ndinkaiona ikutukumula nsalu. Musaseke! Masiku amenewo mkamwini sankayang'ana apongozi kumaso, ndiye ndikanayamba bwanji kuwauza kuti apise m'thumba? Ndinayezera bawuti ya pashopu, ya mamilimita atsopano aja, pomwe pulawo yawo inali ya mainchesi.

Atalandira khasulo analowetsa chala m'bowomo, kenaka anawomba m'manja mwa Chilozi.

"Ni bwino maningi, bapongozi," anatero poyamikira kwambiri, poti kuno mkamwini nayenso amatchedwa mpongozi. "Muli na manja."

Ndinayenda monyada sabata yonse, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Iwo anali ataona kuti bowo lakula, koma nawonso ulemu unawatseka pakamwa.

Titapita kumudzi pa nthawi yokolola tinapeza nkhokwe ili pakatikati, manja a apongozi aakazi ali zikang'a zokhazokha. Bawuti inazungulira pa mzere woyamba, khasu linagweluka, ndipo nkhalamba ziwirizo zinalima munda wonse ndi makasu a manja. Palibe anandinena. Chinandipha n'chakuti khasu langa lija analipachika pakhoma, lopakidwa mafuta, ndipo mlendo aliyense ankamulozera.

"Onani ngodya izi! Anapanga ni mwamuna wa mwana wanga, wa ku tauni."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza, ndipo mpaka lero ndikagwira tupa nkhope imanditentha.

Safunsa anadya phula, ana inu, koma pamenepa phula anadya ndi ena. Lemekezani akulu, gwadani, ombani m'manja, koma mukatha kuomba pemphani bawutiyo muiyeze.