Mawu Atatu a Dalaivala

— Halo? Achimwene?

— Halo! Aa, mlongo. Lero wakumbuka kuti uli ndi m'bale?

— Musayambe. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe?

— Ndaswera. Alamu ali bwanji? Nanga kamwana, chifuwa chija chinasiya?

— Chikusiya pang'onopang'ono. Alamu ako akuchapa panja, ine ndikuchonga makope a ana asukulu, Lamulungu lonse lathera pomwepa. Koma ukupumira m'mwamba bwanji?

— Ndikuyenda. Mverani, mayunitsi ndi ochepa. Mundimasulire mawu atatu a Chizungu, inu aphunzitsi.

— Ochokera kwa dalaivala wako uja?

— Amene adzakhale mlamu wanu, mumupatse ulemu.

— Sanasiyebe kasewero kanu kaja?

— Asiye bwanji? M'mawa uliwonse amandipatsa mawu atatu okhala ndi zilembo zofanana, ine ndizivutika nawo tsiku lonse, madzulo n'kudzandiuza tanthauzo. Dzulo anali a "ar": star, darling, heart.

— Nyenyezi, wokondedwa, mtima. Ha! Anthu inu mudzatipha ndi shuga. Koma paja lamulo lake si lakuti usafunse munthu?

— Ndiye zodabwitsazo. Lero wanena yekha kuti, "Funsa achimwene ako, pompano." Ndikuganiza kuti muli nkhani yaikulu, mwina ya ukwati.

— Tatchula.

— Onse ali ndi "ap". Ndiyambe ndi amene andikomera kukhutu: escape.

— Kuthawa. Kupulumuka pamalo oopsa.

— Mwaona! Akufuna tithawe awiriwiri.

— Uthawe ndikuthyole miyendo. Ena?

— Kidnap.

— Wati chiyani? Netiweki ikudula.

— Kidnap!

— Kumeneko ndi kuba munthu. Kumugwira mokakamiza n'kukamubisa.

— Ine anandiba kalekale, akuchedwa nazo.

— Taleka kuseka kaye. Omaliza?

— Iyeyo anayambira amenewa. Trap.

— Msampha.

— Halo? Achimwene, mulipo?

— Ndilipo. Mawuwa wakupatsa m'mawa?

— Ayi, a m'mawa anandipatsa kale, a maluwamaluwa. Awa waimbanso masana ano.

— Anayamba waperekapo kawiri tsiku limodzi?

— Ayi.

— Amalankhula bwanji?

— Ngati ali ndi chimfine. Ndipo mawu amamveka patali, ngati foni waiika pa sipika. Ndinamufunsa kuti uli ndi ndani, akuti ali yekha. Koma wina anatsokomola.

— Wangoimbira mawu okhawo?

— Ayi, za ntchito. Akuti abwana atumiza katundu, ndibwere ndi makiyi a kusitolo ya mankhwala kuja ndimagwira, ndidzatsekule chitseko chakumbuyo. Ndibwere ndekha, ndisavutitse mlonda. Kenako ndiye akuti, "Kankhunda, usanadule, tenga mawu a lero."

— Lamulungu sitolo imatsekulidwa?

— Ayi, koma abwana akanena...

— Abwanawo wawaimbira?

— Mayunitsi, achimwene.

— Mlongo, tamvera. Pali anthu amugwira. Amuuza kuti akuitane ndi makiyi, akumvetsera chilichonse. Iyeyo wapeza njira imodzi yokha yokuchenjezera, kasewero kanu komweko. Wakuuza kuti undifunse pompano. Waimba nthawi yanji?

— Kanthawi kapitako. Ndinayamba ndasamba, kusita diresi lija amalikonda... Ndimati mwina lero andifunsira. Mayo ine.

— Usalire. Uli pati?

— Ndafika kale. Ndili pakona, pa shopu yowotcherera zitsulo, ndi yotseka. Msewu wonse uli zii. Galimoto yake ndikuiona, yaima kumbuyo kwa sitolo, chitseko cha dalaivala chili pululu.

— Iyeyo ukumuona?

— Ayi. Chipewa chake chili pansi, pafupi ndi tayala. Achimwene, chipewa chimenecho savula ngakhale pakudya.

— Tembenuka. Usathamange, uziyenda ngati wasochera. Pali potsekula paliponse?

— Kometera tsitsi, kumtunda uko. Ndikumva wailesi.

— Pita kumeneko, ukhale pakati pa anthu. Alamu ako akuimbira apolisi pa foni yawo. Mayi a mwana! Siyani zochapazo, bweretsani foni!

— Nanga iyeyo? Ndikapanda kufika ndi makiyi amuchita chiyani?

— Iyeyo wakuuza chochita. Mawu amene anakukomera kukhutu aja. Yenda!

— Ndikuyenda. Makiyi akulira m'chikwama, awamva.

— Agwire ndi dzanja. Usacheuke.

— Achimwene, ndamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa. Wina akubwera m'mbuyo mwanga.

— Usacheuke, ndati! Kometera kwatsala patali?

— Pang'ono. Akundiitana. Akuti, "Kankhunda, dikira."

— Ndi iyeyo?

— Dzinalo amalidziwa ndi iye yekha. Koma mawuwo si ake.

— Thamanga, mlongo! Taya makiyiwo, thamanga! Halo? Halo!